Mwathirira koma mbewu ikufotabe: fufuzani pamene njira yatsekeka

M'mawa tomato anali njo, masamba ali biriwiri. Pofika masana wangoti zyoli ngati mwana wokalipiridwa. Aliyense akaona zimenezi dzanja limathamangira ku keni, ndipo nanunso mwathira madzi. Mawa lake wafotanso. Mwathiranso, mwinanso mwawonjezerapo kafeteleza poganiza kuti ndi njala. Sabata isanathe mbewu yagoneratu pansi, pamene dothi lake ndi lonyowa mpaka kumata m'zala.

Vutoli limabwera chaka ndi chaka, m'dimba, m'munda wa zipatso, ngakhale pa duwa la mumphika limene lili pawindo. Ine ndinapha mbewu zambiri ndi chifundo choterechi ndisanamvetse chinthu chimodzi: tsamba likafota likungonena kuti madzi sakulifika. Silinanene kuti m'dothi mulibe madzi. Pakati pa dothi ndi tsamba pali ulendo wautali, ndipo ungaduke pamalo angapo. Ntchito yanu ndi kupeza pamene wadukira musanathirenso kanthu.

Njira ziwiri zimene muyenera kuzidziwa

M'kati mwa mbewu muli mitsempha ya mitundu iwiri, ndipo imagwira ntchito mosiyana kwambiri.

Woyamba akatswiri amautcha xylem. Ndi timapaipi tating'ono kwambiri topangidwa ndi maselo amene anafa kale, n'kutsala zikhokhombe zolumikizana kuchokera kumuzu mpaka kutsamba. Thabwa limene mumakhomapo msomali ndi xylem wokhayokha. M'menemu mumayenda madzi ndi michere ya m'nthaka, ndipo ulendo wake ndi wokwera basi. Mbewu ilibe mtima wopopa madziwo. Chimene chimawakoka ndi tsamba. Kunsi kwa tsamba kuli timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, timene timatseguka kuti mulowe mpweya wopangira chakudya. Tikatseguka, madzi amathawirapo ngati nthunzi. Dontho likachoka pamwamba limakoka linzake, linzakelo likoka linzake, mpaka kukafika kunsonga ya muzu, popeza madzi amagwirana okhaokha ngati chingwe. Amene analongosola zimenezi ndi Henry Dixon ndi John Joly a ku Dublin, ku Ireland, mu 1894. Pampu yoyamwa madzi singawakweze kupitirira mamita pafupifupi 10, koma mitengo ya redwood ya ku California imafikitsa madzi pamwamba pa mamita oposa 110 ndi chingwe chosaonekachi.

Madzi amene mbewu imasunga m'thupi mwake ndi ochepa zedi. Pa malita 100 amene mizu yamwa, oposa 95 amangodutsa n'kutulukira m'masamba. Kale mu 1727 Stephen Hales wa ku England anasindikiza zimene anapeza poyeza kulemera kwa mpendadzuwa wa mumphika m'mawa ndi madzulo, ndipo anaonetsa kuti mbewu imataya madzi ochuluka tsiku lililonse.

Wachiwiri ndi phloem. Uyu ndi wamoyo. Amanyamula shuga amene tsamba lapanga n'kumupereka kulikonse kumene akufunika: kumizu, kumaluwa, kuzipatso, kunsonga zimene zikukula. Iye ndiye amapita uku ndi uku, kutsika kapena kukwera. Mu 1930 Ernst Münch wa ku Germany anafotokoza kuti shuga akadzaza mumtsemphawu kutsamba, amakoka madzi, mtsempha n'kufufuma, ndiye madzi a shugawo amakankhidwira kumene shuga akugwiritsidwa ntchito. Pa mtengo, phloem ali m'khungwa lam'kati, lofewa lija limene limasendeka luzi. Xylem ali m'kati mwenimweni.

Sungani zimenezi m'mutu: wina ali m'kati ndipo amakokedwa ndi tsamba, wina ali pafupi ndi kunja ndipo amadyetsa mizu. Pafupifupi zizindikiro zonse zimene zikubwerazi zimachokera pamenepa.

Musanachite chilichonse, dikirani dzuwa lipendeke

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masana kukatentha, makamaka kukakhalanso mphepo youma, masamba amataya madzi mofulumira kuposa mmene mizu ingatungire, ngakhale dothi likhale ndi chinyontho chokwanira. Mbewu za masamba aakulu ngati maungu ndi nkhaka zimalendewera, chimanga chimapinda masamba. Si matenda. Pitani mukaione madzulo, kenako m'mamawa. Ngati yadzuka n'kuima njo, njira yake ndi yotseguka, ndipo chimene ikufuna mwina ndi kuphimbira nthaka ndi udzu kapena kamthunzi masana.

Yofota m'mamawa ndiyo ili pa mavuto. Usiku wonse timabowo tija tinali totseka, mbewu inali ndi nthawi yodzaza mitsempha, koma yalephera.

Apa pisani chala m'dothi, osati pamwamba pokha ayi, koma mpaka chala chonse chilowe, kapena kumbani pambali masentimita 10 mpaka 15. Pamwamba pamanama. Pangaoneke pouma pamene pansi pali matope, kapena ponyowa pamene madzi a dzulo sanalowe n'komwe. Mukapeza fumbi lokhalokha, ndiye ludzu lenileni: thirirani pang'onopang'ono mpaka madzi alowe pansi, osati kungowaza. Ndi dothi la mumphika chenjerani. Likauma kwambiri limakhwinyata n'kusiya mpata m'mbali, ndipo madzi amangotsetserekera mumpatawo n'kutulukira pansi, inu n'kumati ndathirira. Mphika wotere uvikeni m'beseni la madzi kwa theka la ola.

Dothi lonyowa, mbewu yofota

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Walira mvula walira matope.

Muzu umapuma. Kuti utunge michere ndi kutsegula njira zolowera madzi m'maselo ake, umafunika mpweya wa okosijeni, ndipo umaupeza m'timipata ta pakati pa dothi. Madzi akadzaza timipatati, mpweya umasowa polowera. Okosijeni amayenda m'madzi mochedwa pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi mmene amayendera mumpweya. Pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, kukakhala kotentha, timizu tating'ono timayamba kufa. Pamwamba tsamba likukokabe, pansi palibe wotunga. Mbewu ikufa ndi ludzu itaima m'madzi. Mpunga umapirira chifukwa uli ndi mipata ya mpweya m'kati mwa phesi ndi mizu yake, imene imatsitsa mpweya kuchokera kumasamba. Tomato, nyemba, papaya ndi mapeyala alibe mwayi umenewo.

Mungadziwe bwanji? Fukulani pambali kapena gubuduzani mphika muone mizu. Yamoyo imakhala yoyera kapena yotuwa pang'ono, yolimba, yonunkhira dothi. Yomira imakhala yoderako kapena yakuda, yofewa, ndipo mukaikoka khungu lake limavuka n'kutsala kaulusi pakati. Fungo lake ndi la chithaphwi. Chizindikiro china chimene anthu sachilabadira n'chakuti masamba a tomato womira amayamba ndi kuweramira pansi akadali olimba, mapesi a masamba atapindikira kunsi, asanafote kwenikweni. Masamba am'munsi amachita chikasu n'kuyoyoka.

Lekani kuthirira. Ngati ndi mumphika, onani mabowo apansi. Nthawi zambiri amakhala otsekeka, kapena mphika wakhala m'mbale yodzaza madzi. Itulutseni mbewuyo, dulani mizu yonse yowola ndi mpeni woyera, ibzaleni m'dothi lina lotayirira, ndipo chotsaniko masamba ena kuti otsalawo agwirizane ndi mizu yochepa imene yapulumuka. Iikeni pamthunzi masiku angapo. M'munda, kumbani kangalande madzi apeze kolowera, ndipo ulendo wina bzalani pamizere yokwera ndi kuthira manyowa owola bwino kuti dothi lamakande limasuke. Feteleza musayerekeze pa nthawi imeneyi.

Pali mwambo wina umene ndimatsutsana nawo: kuika miyala pansi pa mphika poganiza kuti madzi azituluka bwino. Madzi sachoka msanga m'dothi losalala kupita m'miyala. Amayamba adzaza kaye dothilo. Miyala ija yangokwezera matope pafupi ndi mizu. Chofunika ndi bowo lotseguka ndi dothi lopuma.

Mwathira feteleza dzana, lero yafota

Munaonapo nkhono itathiridwa mchere? Madzi amatuluka m'thupi mwake kutsatira mcherewo. Madzi amalowera kumene kuli mchere wambiri, ndipo muzu umadalira lamulo lomweli: m'kati mwake mumayenera kukhala zosungunuka zambiri kuposa m'dothi kuti madzi alowe. Feteleza ndi mchere. Mukamuunjika patsinde, makamaka m'dothi louma, zinthu zimatembenuka, dothi n'kuyamba kuyamwa muzu. Ndowe za nkhuku zaziwisi zimachitanso chimodzimodzi.

Masamba amapsa kuyambira kunsonga ndi m'mphepete, chifukwa kumeneko n'kumathero a mitsempha, kumene madzi amauluka n'kusiya mchere. Pa mphika mumaona zoyera mbuu pamwamba pa dothi kapena m'milomo mwake. Mankhwala ake ndi madzi ambiri kamodzi, oti adutse n'kutulukira pansi atatenga mcherewo. Palani feteleza amene akuonekera. Ulendo wina muikeni patali ndi tsinde masentimita 5 mpaka 10, m'dothi lachinyontho, pang'onopang'ono kangapo osati mulu umodzi. Masamba opsawo sachira, yang'anani atsopano.

Mizu yoduka, yodyedwa, yotupa

Madzi ambiri salowera m'mizu ikuluikulu imene timaiona, koma m'tiubweya tating'ono ta pafupi ndi nsonga za timizu. Timathothoka mosavuta. N'chifukwa chake mbande yowokera kumene imafota ngakhale muithirire bwanji: pakamwa pake patsala kunazale. Wokerani madzulo kapena kukakhala mitambo, nyamulani ndi dothi lake, iphimbeni masiku atatu kapena anayi. Khasu lopalira mozama pafupi ndi tsinde limachitanso zomwezi.

Mbewu ikakhala yopinimbira, yofota dzuwa likangotentha pang'ono, ndipo chaka chilichonse pamalo omwewo, zulani imodzi. Mukaona mizu ili ndi timfundo totupa ngati mikanda, m'menemo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totchedwa nematodi, timene timasokoneza mitsempha ya muzu. Musasokoneze ndi timibulu ta pamizu ya nyemba, soya ndi mtedza, timene ndi tothandiza. Timeneto timakhala pambali pa muzu, mukatikhudza ndi chikhadabo timathothoka, ndipo m'kati mwake ndi mofiirira. Mfundo za nematodi ndi muzu weniweniwo umene watupa, sizichoka. Pamalo otero sinthani mbewu kwa zaka zingapo, bzalani za mtundu wa udzu monga chimanga kapena mapira, ndipo onjezerani manyowa. Chiswe, mbozi za m'nthaka ndi mbewa nazo zimadula mizu, koma izo mumaziona mukangofukula.

Mizu ili bwino, dothi lili bwino: dulani tsinde

Ngati pansi palibe mlandu, ndiye kuti paipi yatsekeka pakati. Apa pamafunika kulimba mtima, mbewu imodzi iperekedwe nsembe kuti zinazo zipulumuke.

Dulani tsinde pafupi ndi dothi, kenako ling'ambeni m'litali. La mbewu yathanzi limakhala loyera kapena lobiriwira pang'ono m'kati. Mukaona mizere yoderako ikukwera m'mbali, kuseri kwa khungu, ndiye kuti m'mitsempha ya madzi mwalowa alendo.

Tsopano tengani tambula yoonekera m'kati, thiranimo madzi oyera. Dulani kachidutswa ka tsindelo kotalika ngati chala, kapachikeni kuti kumunsi kwake kungoviika m'madzimo. Tambulayo ikhale phee, musaigwedeze. Pakapita mphindi zingapo, ngati muona tiulusi toyera ngati utsi kapena mkaka tikutsika kuchokera podulapo, ameneyo ndi bakiteriya wotchedwa Ralstonia solanacearum. Amaswana m'xylem mpaka kudzazamo ndi zonanda. Khalidwe lake ndi lodziwika: mbewu imafota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, masiku oyamba imadzuka usiku, kenako osadzukanso. Amagwira tomato, mbatatesi, tsabola, biringano ndi fodya, ndipo amakonda dothi lofunda, lonyowa. Mwaona ngozi yake? Mbewu yafota, inu mwawonjezera madzi, madziwo atenga bakiteriya n'kukamutula pa mbewu yotsatira mumzere.

Madzi a m'tambula akakhala oyerabe koma tsinde lili ndi mizere yodera, ganizirani za fangasi, tizilombo ta gulu la chuku, wa Fusarium kapena Verticillium. Awa sapupuluma. Amayamba ndi chikasu m'masamba am'munsi, ndipo kawirikawiri mbali imodzi yokha ya mbewu, nthawi zina theka limodzi la tsamba, chifukwa mitsempha ya mbali imeneyo ndiyo yatsekeka. Chomvetsa chisoni n'chakuti kutsekako mbali ina kumachitidwa ndi mbewu yomwe: pofuna kumutchingira mdani, imamata mitsempha yake ndi utomoni, n'kudzimana madzi.

Ndikuuzeni mosabisa: yogwidwa ndi matendawa sichira. Kupopera mankhwala pamasamba n'kutaya nthawi, chifukwa mdaniyo ali m'kati mwa paipi, mmene mankhwala opopera safikamo. Zulani ndi mizu yomwe ndi dothi lozungulira, kazitayeni kutali kapena zitentheni, musaziponye pa mulu wa manyowa. Mpeni ndi khasu zitsukeni ndi madzi a jiki musanakhudze mbewu ina. Musalole madzi othirira ayende kuchokera pamalo odwala kupita kwabwino. Tizilomboti timakhala m'dothi zaka zambiri, choncho pamalopo pasabwerenso mbewu za banja la tomato posachedwa. Pogula mbewu yang'anani zilembo V, F ndi N pa paketi. Zimatanthauza kuti mtunduwo umapirira Verticillium, Fusarium ndi nematodi.

Musaone ngati ndi vuto la kadimba kanu kokha. Fusarium wa nthochi ndi amene anagwetsa minda ikuluikulu ya mtundu wa Gros Michel ku Central America m'zaka za m'ma 1950, mpaka amalonda a dziko lonse lapansi anasamukira ku mtundu wa Cavendish. Ku Puglia, kum'mwera kwa Italy, bakiteriya wotchedwa Xylella fastidiosa anapezeka mu 2013 ndipo waumitsa mitengo ya maolivi miyandamiyanda, ina ya zaka mazanamazana, pongotseka mitsempha yake ya madzi.

Chinanso chimene chimadula chingwe cha madzi ndi mpweya. Chilala chikakula, tsamba limakoka mwamphamvu mpaka chingwe chija chimaduka, m'paipi n'kulowa thovu. Paipi yotero siitunganso. N'chifukwa chake mtengo umene wavutika ndi chilala umatha kuuma nthambi zam'mwamba ngakhale mvula itabwera. Zomwezi zimachitika ndi maluwa odula: podulapo pamayamwa mpweya. Duleninso masentimita awiri kapena atatu tsinde lili m'madzi, ndi mpeni wakuthwa, ndipo sinthani madziwo pafupipafupi kuti mabakiteriya asamate podulapo.

Chikasu: funsani kuti chayambira tsamba liti

Anthu akaona chikasu amangoti njala, n'kuthira feteleza aliyense amene ali pafupi. Koma mbewu imakuuzani yokha chimene chikusowa, mukayang'ana pamene chikasucho chayambira.

Michere ina mbewu imatha kuisamutsa. Nayitirojeni, fosiforasi, potaziyamu ndi maginiziyamu zikachepa, mbewu imazichotsa m'masamba akale n'kuzitumiza kudzera mu phloem kupita kunsonga, ngati kholo limene likudzimana kuti mwana adye. Choncho njala ya zimenezi imaonekera m'munsi. Tsamba lakale likachita chikasu lonse, ndi nayitirojeni. Pa chimanga chikasucho chimayambira kunsonga n'kutsika ndi msana wa tsamba. Likapsa m'mphepete pakati pali pobiriwira, ndi potaziyamu. Chikasu chikakhala pakati pa mitsempha, mitsemphayo ili yobiriwira, ndi maginiziyamu. Masamba akale akamachita kufiirira kodera, makamaka pa mbewu zazing'ono nyengo yozizira, ganizirani fosiforasi.

Michere ina ikafika pamalo yafika, siibwereranso. Kashiamu ndi ayironi zili m'gulu limeneli, ndipo boroni nayenso m'mbewu zambiri. Zikasowa, masamba akale amakhala ali biriwiri, ovutika ndi ana. Masamba atsopano akamatuluka achikasu kapena oyereratu, timitsempha tokha tili tobiriwira, ndi ayironi. Ndipo kawirikawiri ayironiyo m'dothimo alimo, koma wamangika chifukwa dothi lachepa asidi. Mbewu zambiri zimadya bwino pH, muyeso umene umakwera asidi akamachepa m'dothi, ikakhala pakati pa 6 ndi 7. Ikakwera kupitirira apo, monga mukathira laimu kapena phulusa lambiri, ayironi sasungunuka. Mizu yomira m'madzi imabweretsanso chikasu chomwechi. Kuthira feteleza wina pamenepo sikuthandiza. Yezetsani dothi, siyani phulusa, konzani ngalande.

Nkhani ya kashiamu ndiyo imazunguza alimi a tomato kuposa zonse. Chipatso chikukula bwinobwino, kenako kumatako kwake, kumene kunali duwa, kwachita banga lakuda, lophwa, lolimba ngati chikopa. Wina amathamangira mankhwala a chuku, wina a mbozi. Si chuku, si mbozi, ndipo sizipatsirana. Kashiamu amayenda mu xylem mokha, motsatira madzi, ndipo madzi amapita kumene akukokedwa kwambiri, kumasamba. Chipatso sichituluka nthunzi yambiri, choncho chimakoka mofooka. Madzi akamabwera mwa apo ndi apo, lero chilala mawa chigumula, masamba amalanda onse, ndipo mbali ya chipatso imene ili kutali kwambiri ndi phesi imatsala yopanda kashiamu pa nthawi imene maselo ake akumangidwa. Makoma a maselowo amagwa, banga lija n'kubadwa. Zimachitikanso pa tsabola ndi mavwende, ndipo kupsa kwa m'mphepete mwa masamba am'kati mwa kabichi ndi letesi n'kwa mtundu womwewu.

Ambiri amapopera kashiamu pamasamba. Taganizani: kashiamu akalowa m'tsamba satulukamo, ndiye akafika bwanji kuchipatso? Ena amakwirira zikhokhombe za mazira patsinde, zimene zimatenga nthawi yaitali kuti zisungunuke, pamene nthawi zambiri dothilo kashiamu lili naye kale. Chimene chimathetsa vutoli ndi kuthirira mofanana, kosadumphadumpha, kuphimbira nthaka kuti chinyontho chisamasinthesinthe, kusadula mizu popalira, ndi kuchepetsa feteleza wa nayitirojeni amene amachulukitsa masamba olimbirana madzi ndi zipatso. Zipatso zogwidwa zithyoleni. Kawirikawiri ndi phava loyamba limene limavutika, zotsatira zimabwera bwino madzi akakhazikika.

Madontho ndi zomata pamasamba

M'mamawa mukapeza timadontho tandandalika m'mphepete mwa tsamba ngati mikanda, pamene pena ponse ndi pouma, musade nkhawa. Si mame, si matenda. Usiku timabowo ta nthunzi tatseka koma mizu ikukankhabe madzi, ndiye otsalawo amatulukira kumapeto a mitsempha. Zikungosonyeza kuti mizu ili moyo ndipo dothi lili ndi madzi okwanira, mwinanso opitirira.

Zomata ngati uchi, nyerere zili piringupiringu, kenako masamba n'kuda bii ngati mwaye, imeneyo ndi nkhani ina. Tembenuzani tsamba. Mupeza nsabwe za m'masamba, ntchentche zoyera kapena tizilombo tokhala ngati nkhanambo. Timabaya phloem ndi kamlomo ngati singano, ndipo poti madzi a shugawo ali ndi mphamvu yokankha, amangodzilowera okha m'mimba mwawo, otsala n'kutulukira kumbuyo. Chakudacho ndi chuku chomera pa shugayo. Chimatchinga dzuwa koma sichilowa m'tsamba. Thanani ndi tizilomboto, ndi madzi amphamvu kapena a sopo wochepa, ndipo tchingani nyerere zimene zimatiweta. Chakudacho chidzasuluka chokha.

Mtengo wobiriwira umene ukufa kuchokera pansi

Vuto lonyenga kuposa onse ndi la khungwa. Munamanga mtengo waung'ono kuchikhomo ndi waya kapena chingwe cha nayiloni, n'kuiwala. Kapena mbuzi yakukuta kuzungulira thunthu, kapena mbewa, kapena chikwakwa chakhala chikugunda pamalo amodzi nthawi iliyonse yotchetcha. Mtengo ukuoneka bwinobwino, masamba ali biriwiri, mwinanso chaka chimenecho wabereka kuposa kale. Inu mtima m'malo.

Kumbukirani amene ali m'kati ndi amene ali kunja. Xylem sanakhudzidwe, madzi akukwerabe, n'chifukwa chake masamba sakudandaula. Amene waduka ndi phloem, ndipo shuga sakutsikanso. Marcello Malpighi wa ku Italy anaziona kale zimenezi m'zaka za m'ma 1600: atasenda khungwa kuzungulira thunthu, pamwamba pa balalo panatupa, pansi pake ayi. Kutupako ndi chakudya chimene chafika pamlatho woduka. Zipatso zimachuluka chifukwa shuga yense watsekeredwa kumwamba, ndipo alimi a mphesa amachita dala zimenezi, kusenda kamzere kopyapyala kwambiri koti kapole m'masabata ochepa. Koma bala likakhala lalikulu, mizu imadya nkhokwe yake mpaka kutha. Zingatenge miyezi, pa mtengo waukulu ngakhale zaka ziwiri kapena zitatu. Mizu ikafa ndi njala m'pamene masamba amafota, ndipo pofika apo mwini wake anaiwala kale za waya uja, akufunafuna matenda m'masamba.

Choncho mtengo ukayamba kufooka popanda chifukwa chooneka, gwadani muyang'ane thunthu kuyambira pamene lakumana ndi dothi. Palani dothi ndi udzu umene waunjikana patsinde, chifukwa khungwa lokwiririka m'chinyezi limawola mozungulira, zotsatira zake n'zomwezi. Fufuzani waya, chingwe cha chikwangwani cha kunazale, pulasitiki ya pomezanitsa imene sinachotsedwe, kapena muzu umene unazungulira mumphika n'kudzakoloweka thunthu lake lomwe. Kandani pang'ono ndi chikhadabo pamwamba ndi pansi pa bala: pobiriwira ndi ponyowa pali moyo, podera ndi pouma pafa.

Waya mudule lero lomwe. Ngati walowa kale m'thupi, dulani pamene mungafike, musakumbe ndi mpeni. Bala likakhala losakwana theka la kuzungulira kwa thunthu, mtengo wathanzi umatha kulitseka wokha kuchokera m'mbali. Ingosalazani khungwa lolendewera ndi mpeni wakuthwa, musapakepo penti kapena phula, ndipo uthirireni nthawi ya chilala. Likazungulira lonse, chotsala ndi kumanga mlatho. Dulani timitengo ta chaka chimodzi ta mtengo womwewo, tonenepa ngati pensulo, totalika kuposa balalo. Tisongoleni mbali zonse ziwiri, lowetsani nsonga imodzi kunsi kwa khungwa lamoyo la pansi pa bala, inayo kunsi kwa khungwa la pamwamba, kumutu kukhale kumwamba monga mmene kanakulira. Ikani tingapo kuzungulira thunthu, khomani ndi timisomali ting'onoting'ono, matani polumikizapo ndi sera kuti pasaume. Zimagwira bwino nthawi imene mtengo ukuyamba kuphuka, khungwa likamasendeka mosavuta. Mphukira zikatuluka pa timilathoto zibudulireni, ntchito yake ndi kudutsitsa chakudya basi.

Mtengo ukakhala waung'ono kwambiri woti mlatho sungakhalepo, udulireni pansi pa bala, musiye mphukira imodzi yamphamvu ikule. Ngati unali womezanitsa, onetsetsani kuti mphukirayo yatuluka pamwamba pa mfundo ya pomezanitsa. Yotuluka pansi pake ndi ya chitsa, ndipo idzakupatsani zipatso zina, osati zimene munabzalira.